Tsaya la Amuna Anga

Anzanga, zimene ndikuuzeni panozi si nthano, ndipo wofuna kuseka aseke, koma ine zinandichitikira maso anga akuona, ndipo mpaka lero ndikazikumbukira chakudya chimandikanika. Sinditchula dzina la munthu kapena la mudzi, chifukwa ambiri mwa anthuwo anatisiya ndipo ana awo timapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Koma amene anakhalako m'malaini a esiteti ina ya tiyi cha ku Muloza m'zaka za m'ma sevente, nthawi ija munthu sunkalowa mumsika kapena kukwera basi wopanda khadi la chipani, akawerenga adziwa kuti ndine, ndipo ndilibe nazo ntchito, ndakalamba.

Ndinakwatiwa ndili mtsikana ndi mwamuna amene ankagwira ntchito mufakitale, kumene amaumitsira tiyi, ine ndikuthyola masamba kumunda dengu lili kumsana. Tinali ndi mwana mmodzi wamkazi, wongoyamba kumene kuyenda. Amuna angawo anali munthu wanthabwala komanso wokonda kudya, moti ndiwo zikachepa mchere ankandifunsa ngati mcherewo ndabwereketsa kwa aneba, ndipo kunena zoona tinkakondana, osati zongopirirana zimene ndimaziona m'mabanja ena. Chaka china dzino lakumapeto, mbali yakumanja, linawavuta kwambiri, linali lobooka, ndiye m'malo modikira tsiku lopita ku boma anakalizulitsa kwa bambo wina wa pamsika amene ankazula mano ndi pulayala. Anabwera akulavula magazi koma akuseka, ndipo nkhani ya dzinoyo tinaiiwala.

Patapita miyezi, nyengo ya chiperoni, tsaya lawo lakumanja linayamba kutupa cha pansi pa khutu. Anzawo kufakitale anawaseka kuti munthu wandevu wagwidwa ndi matsagwidi, matenda a ana, ndipo iwo ankaseka nawo, kumati abwerera ku ubwana. Koma matsagwidi amatha okha, pamene izi sizinathe. Chotupacho chinalimba gwa ngati thabwa. Ku kiliniki ya kampani anawabaya jakisoni masiku angapo, chinaphwa pang'ono, ife n'kumati basi zatha, koma mwezi usanathe chinabweranso chili chachikulu kuposa kale. Anabayanso, chinaphwanso, chinabweranso, mpaka bambo wa pakiliniki uja anayamba kuwayang'ana ngati munthu wothawa ntchito.

Chimene chinandipweteketsa ine ndi ichi: chotupacho chinkakula akayamba kudya. Akangoika ndiwo m'kamwa, tsaya lija linkafufuma inu mukuona, iwo n'kugwira khutu misozi ili m'maso, ndipo pakapita kanthawi atasiya kudya linkatsikako pang'ono. Tsiku lina kunabwera mchemwali wawo wamkulu, alamu anga, kuchokera kumudzi kwawo kudzawaona. Ndinaphika nandolo, tinakhala pamphasa, ndipo atangoona tsaya likufufuma, alamu aja anasiya kudya, anasamba m'manja, kenako anandiyang'ana nthawi yaitali osaphethira. Anandifunsa, mawu ali pansipansi, kuti wathira mchere m'ndiwomo ndani. Ine mopusa ndinayankha kuti ndine, nanga akanathira ndani m'nyumba mwanga?

Amene munabadwira m'tauni mwina simukudziwa chimene funso limenelo linkatanthauza. Kwathu kuno amati mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, mwamunayo amadwala tsempho, amatupa masaya, amaonda, ndipo ngati mkaziyo saulula, mapeto ake ndi maliro. Ndiye taganizani, tsaya likutupa nthawi yeniyeni imene munthu akudya ndiwo za mkazi wake, umboni wina ungafunikenso wotani? Ndinawauza alamuwo kuti tsayalo limatupanso akamadya nanazi, kodi nanazi ndimathiramo mchere? Iwo anangoti pakamwa pakuthwa chonchi ndi pa akazi oyendayenda, ndipo anatuluka osatsazika. Amuna anga anandigwira mkono n'kundiuza kuti ndiwasiye, iwo akundidziwa.

Ndine ndinalimbikira kuti tipite ku chipatala chachikulu, ndipo tinapitadi, koma alamu aja ndi amalume awo a amuna anga anatilondola. Tinaonetsa makhadi pageti kwa anyamata a chipani a malaya ofiira, tinakhala pamzere mpaka dzuwa kutentha. Adokotala anawapima makhololo kuopa chifuwa chachikulu, anawajambula pachifuwa, koma sanapeze kanthu. Kenako anatifotokozera kuti pansi pa khutu pali kathumba kamene kamapanga malovu, ndipo n'kamene kadwala, ndiye munthu akamadya malovu amachuluka koma amasowa potulukira, n'chifukwa chake tsaya limafufuma. Ine mtima unatsika, ndinayang'ana alamu anga kuti amve okha. Koma adokotala anapitiriza kuti chimene chikudya kathumbako sakuchidziwa, mwina chifuwa chachikulu chobisala pamenepo, mwina khansa, mwina tizilombo tina tosowa, ndipo kuti adziwe anayenera kudula kanyama kakang'ono patsayapo n'kukatumiza ku Blantyre kuti akakayeze.

Pamenepo mpamene zinaonongekera. Masiku amenewo kunali manong'onong'o oti magazi ndi ziwalo za anthu zikutengedwa kupita kunja, nkhani imene munthu sunkaiyankhula mokweza ngati ukufuna kugona kwanu. Amalume aja anangomva zodula kanyama, anavala chipewa chawo. Panja anatiuza monong'ona kuti m'bale wawo sapita ku Blantyre zidutswazidutswa iwo ali moyo. Ndinalira, ndinagwada pamaso pa anthu, koma inu mukudziwa mmene zilili kwathu kuno, mkazi ukhoza kugona ndi munthu mphasa imodzi zaka ndi zaka, koma akadwala thupi lake ndi la abale ake, iwe ndiwe wobwera. Anawatenga tsiku lomwelo kupita nawo kumudzi kwawo. Ntchito yawo inatha, nyumba ya kampani anatilanda, ine ndi mwana tinabwerera kwa mayi anga, ndipo ndinkapita kothyola tiyi kuchokera kumeneko.

Lamulungu lililonse ndikatuluka m'tchalitchi ndinkayenda wapansi kukawaona. Sankandilola kuphika, sankandilola kubweretsa ngakhale chinangwa chootcha, ndinkangokhala pakhonde ngati wodzagula nkhuku. Munthu wonenepa uja anatha, anatsala mafupa okhaokha. Nsagwada zinauma, kukamwa kunkangotseguka pang'ono polowa nsonga ya supuni ya phala, ndipo khungu la patsaya linada, kumanyezimira, kenako linabooka timabowo tingapo totuluka mafinya. Mwana wathu yemwe atawaona anabisala kumbuyo kwanga n'kuyamba kulira, ndipo iwo anatseka maso. Komabe alamu akayamba kundinena, amuna angawo ankayankhula mano ali chitsekere kuti andisiye, mkazi wawo alibe mlandu.

Tsiku limene sindidzaliiwala linali masana, dzuwa lili pamutu. Alamu aja ankawathowa tsaya ndi kansalu ka madzi otentha, ndipo atafinya pang'ono, pamodzi ndi mafinya panatuluka timibulu tating'onoting'ono tachikasu, tolimba ngati mchenga. Anatitola ndi chala, anatiika patsamba la nthochi, anatuluka nato panja akukuwa kuti anthu abwere adzaone mchere wa mkazi uyu ukutuluka m'thupi mwa mlongo wawo. Amayi a m'mudzimo anathamanga, tsamba lija linayenda dzanja ndi dzanja, aliyense akaona n'kutembenukira kwa ine. Munamvapo kuti mchenga ukutuluka m'tsaya la munthu wamoyo? Ine amene ndinkadziwa kuti sindinayendepo ndi mwamuna wina aliyense ndinayamba kudzikayikira ndekha, kumadzifunsa ngati maloto amawerengedwa, kapena ngati kuseka nthabwala za kapitawo kumunda kungadwalitse munthu. Mantha amapusitsa, musawaone chonchi.

Ndinatsata amalume aja kudimba kwawo kukawapempha kuti tibwerere kuchipatala. Anandiyankha mosakalipa, ndipo n'zimene zinandiopsa kwambiri. Anati mankhwala a tsempho alipo, mizu anakumba kale, koma sagwira ntchito ngati mkazi sanaulule. Ndikaulula, ndithire mchere m'mankhwalamo ndi dzanja langa, m'bale wawo amwe, ndipo zikatero ndikhoza kupita naye kulikonse kumene ndikufuna, ngakhale kwa odula nyama aja, chifukwa iwo adzakhala atachita mbali yawo. Koma ndikapanda kuulula, sachoka pamudzipo, ndipo maliro ake adzakhala pamutu panga.

Sabata yonse ndinathyola tiyi ngati munthu wogona, dengu langa kusikelo linkapepuka mpaka anzanga kundithirirako masamba awo. Mayi anga anandiletsa, anati mwana wanga usavomere chinthu chimene sunachite, anthu amaiwala maliro koma saiwala za mkazi. Ndinawamvera masiku angapo. Koma mayi wina wa kumudzi kuja tinakumana kuchigayo, ndipo anandiuza mwachifundo kuti amuna a pamudzipo ayamba kufunsana za matabwa a bokosi la maliro. Inu mukanatani? Ine ndinabereka mwana n'kunyamuka.

Anandikhazika kuseri kwa nyumba, m'mawa, amayi akuluakulu atandizungulira, chitseko chili chotsegula ndipo amuna anga atagona mkati pamphasa. Ndinaganiza kuti ndingonena kuti inde ndinachimwa, basi zithere pomwepo. Ayi ndithu, anthu akafuna kumva zoipa safuna zachidule. Anandifunsa kuti ndi ndani, ndinati ndi bambo wina wogulitsa nsomba zouma wochokera kutsidya kwa malire, dzina sindikulidziwa. Anafunsa kuti zinachitikira kuti, ndinati m'munda wa tiyi, kumunsi kwa mibulugamu. Anafunsa kuti linali tsiku lanji, anandipatsa chiyani, mwana ndinamusiya ndi ndani, ndipo ine ndinkangopeka, bodza lina pamwamba pa linzake, misozi ikutsika, iwo n'kumati ndikulira chifukwa cha manyazi. Ndili pakati poyankha ndinamva kubuula kuchokera m'nyumba muja, kulira kwa munthu amene kukamwa kwake sikutseguka. Atandilowetsa kuti ndithire mchere m'mankhwala aja, ndinapeza amuna anga atatembenukira kukhoma, atagonera tsaya lotupa lomwelo, limene ngakhale ntchentche ikateraponso ankalumpha ndi ululu. Analolera kumva kuwawa kumeneko kusiyana ndi kuti andione.

Amalume aja anasunga mawu awo, zimenezo sindingawanamizire. M'mawa mwake anyamata anawanyamula pamachira mpaka kumsewu, ndipo tinafika kuchipatala kuja. Alamu anga anali atatsuka zilonda zonse kuti adokotala asanyansidwe, koma adokotala atamva za timibulu tija kuchokera kwa ine anadzuka pampando, anati timeneto ndi timene akufuna. Anafinya okha tsaya lija mpaka tinatuluka tingapo, anatiika pakagalasi, anatiphwanya ndi kagalasi kena, n'kupita nato kuchipinda kumene kuli makina oonera tizilombo. Sanadule kanyama, sanatumize kanthu ku Blantyre. Anabwerako dzuwa lisanapendeke, ndipo funso lawo loyamba linali lakuti kodi bambowa anazulitsapo dzino mbali imeneyi?

Anatiuza kuti si mchere ndipo si mchenga, koma ndi timagulu ta tizilombo timene timakhala m'kamwa mwa munthu aliyense osavuta, koma tikapeza bala, ngati la dzino lozulidwa mosasamala, timalowa mkati n'kumadya pang'onopang'ono mpaka kufika pa kathumba ka malovu. Anati matendawa ndi osowa, iwo omwe anali atangowaonapo mwa apo ndi apo, ndipo amanamiza madokotala chifukwa amafanana ndi khansa kapena chifuwa chachikulu. Chimene chinandiliritsa n'chakuti mankhwala ake anali jakisoni yemweuja wa ku kiliniki ya kampani, kungoti amafunika kubaya masabata ambiri osadumphitsa, kenako mapiritsi miyezi ndi miyezi. Kubaya kwa masiku ochepa kuja kunkangotigoneka tulo tizilomboto.

Anawagoneka m'wodi, wowadikirira anali alamu aja, ine ndinkangobwera Lamulungu. Ndipo anayamba kuchira, anzanga. Timabowo tinauma, thabwa lija linafewa, nsagwada zinamasuka, tsiku lina ndinawapeza akutafuna nthochi. Ndinatuluka panja kukathokoza Mulungu ndikulira. Koma mukudziwa chimene anthu ananena? Anati mwaona, mkazi uja wangoulula, mwamuna wadzuka. Nkhani inafika kumalaini, inafika kutchalitchi, anandiimitsa kudya mgonero, ndipo kumunda amayi ena anayamba kukhala patali nane nthawi yopuma. Kuchira kumene ndinkakupempherera usana ndi usiku ndi kumene kunatsimikizira anthu onse kuti ndinali wolakwa.

Ndinapempha adokotala kuti awafotokozerenso amuna anga ine ndilipo, ndipo anatero, bambo wabwino, anabwereza zonse za dzino ndi tizilombo. Alamu anga anangoti tizilomboto sakukana, koma anatitsegulira khomo ndani? Tsiku lina ndinawapeza amuna anga ali okha pabenchi panja pa wodi, ndipo ndinagwada n'kuwauza zonse, kuti wansomba uja kulibe, sanabadwe n'komwe, ndinamupeka kuti amalume awalole kubwera kuno. Iwo anandifunsa kuti akhulupirire mkazi uti, amene anayankhula kuseri kwa nyumba kapena amene wagwada apayu, popeza onse awiri akulira mofanana. Anati miyezi yonse ija ankanditchinjiriza kwa abale awo mano ali chitsekere, ndiye tsiku lija atagona pamphasa anamva za mibulugamu, anamva za tsiku lake, anamva kumene ndinasiya mwana, ndipo anaziona zonse ndi maso ngati analipo, moti akatseka maso amazionabe. Anati akufuna kundikhulupirira koma zikuwakanika. Sananditukwane, sanakweze mawu, anangolira, ndipo ndikanakonda akanandimenya. Mvula isanagwe ankhoswe anakhala pansi, banja linatha.

Anachira kotheratu, anakwatira mkazi wina, anabereka ana ambiri. Ndinkakumana nawo pamsika wa pa Chonde, atanenepanso ngati kale, patsaya pali kachipsera kolowa mkati, akuseka ndi anzawo. Akandiona nthabwala zinkatha, ankavula chipewa, kundipatsa moni waulemu ngati ndine mayi a abusa, kufunsa za mwana, kenako kupitiriza ulendo. Ine sindinakwatiwenso, nanga ndani akanafuna mkazi amene anatsala pang'ono kupha mwamuna wake? Mwana wathu anakula akutchedwa mwana wa mayi uja. Bambo ake anamwalira atakalamba, ndi matenda ena, ndipo pamaliro awo ndinakhala kutali pamodzi ndi anthu odutsa.

Lero ine ndimakhulupirira kuti lija silinali tsempho, silinali ufiti, linali dzino lobooka ndi pulayala yauve, basi. Sindikunyoza miyambo ya makolo, ina inatisunga, koma mwambo umene umayamba wafunafuna wolakwa usanafunefune matenda ndi woopsa, ndipo ine ndinauona kuopsa kwake. Choncho ndikukupemphani, mukaona munthu watupa pansi pa khutu kapena pansi pa chibwano, chotupa chosatha, chokula akamadya, chophwa ndi jakisoni n'kubweranso, pitani naye ku chipatala chachikulu ndipo musatope kubwererako. Auzeni adokotala za dzino lililonse limene linavutapo, ndipo chilichonse chotuluka pachilondapo musatsuke n'kutaya, iwo akufuna kuchiona. Akati ayeze kanyama, aloleni ayeze. Ndipo inu alamu, inu amalume, mlongo wanu akadwala musathamangire kuyang'ana nkhope ya mkazi wake.

Ena amandifunsa ngati ndimanong'oneza bondo. Ndimawayankha kuti munthuyo anakhala ndi moyo mpaka kumera imvi, ndipo n'zimene ndinkafuna, zitabwereranso ndikhoza kunamanso. Koma musadzakakamize mkazi wina kuchita zimene ndinachita ine, chifukwa bambo amene ndinawapulumutsa aja analowa m'manda asakudziwa kuti mkazi wawo woyamba sanawalakwirepo ngakhale tsiku limodzi.